Chithunzi cha Yamikani pakhomo la khoti

Lolemba
Pa TV nkhani ndi imodzi: woyimba wina wakuda akuti anapha chibwenzi chake, mzungu. Tadziwa kale saizi ya nsapato za malemu, dzina la galu wake, zimene anadya mmawa. Koma Yamikani, mwana wa Mayi Nabanda, anabayidwa konkuno ku Edmonton mwezi watha: zii! Apolisi akusowa mboni. Ndawalonjeza mayiwo kuti pofika Lamulungu nkhope yake ioneka pa TV. Makamera ali kukhoti, ndiwapeza konko.

Lachiwiri
Zida: chithunzi, katoni, ndodo ya mopu, suti ya ukwati. Mayi akunyumba akuti, "Akakugwirani musanditchule." Abwerera ku TV, mlandu wafika pokoma.

Lachitatu
Khamu! Azungu uku, akuda uko, ngati bwalo la Wembley tsiku la mpira. Wina akugulitsa masikipa. Ndaima kumbuyo kwa mtolankhani maola atatu, akundiphimba ndi ambulera. Mvula. Nambala ya foni ya apolisi pa katoni yayenderera, ndilembanso.

Lachinayi
Mwayi! Mtsikana wa maikolofoni akufuna maganizo a bambo wachikulire wakuda. Ndine ameneyo! Akundipatsa dzanja. Munthu woleredwa bwino salandira moni ndi dzanja limodzi: chithunzi pansi, chipewa m'khwapa, manja awiri, kabondo pang'ono. Ndafunsanso za kunyumba kwawo. Iye: "Anapha kapena sanaphe?" Ine: "Mwanangu, sindinaliko." Ndikuwerama kutola Yamikani, kamera yathawira kwa mzungu wina wolira.

Lachisanu
Ndaoneka! Masekondi anayi, manja lendee, chithunzi palibe. Pansi alemba kuti ndine wokonda nyimbo za woyimba uja. Ine wa nyimbo za m'buku! Mafoni: Thamesmead, Lilongwe, ngakhale ku Ntcheu. Onse akuti suti yakhala bwino, nanga poti munali pafupi, anaphadi?

Loweruka
Ndalawirira, chithunzi ndachimangirira pakhosi kuti manja apatse moni mwaufulu. Khoti satsegula Loweruka. Ine ndi nkhunda basi.

Lamulungu
Kutchalitchi andiombera m'manja. Mayi Nabanda andigwira dzanja nthawi yaitali. "Tinakuonani, achimwene. Mwanenepa." Za lonjezo sanafunse, bola akanandikalipira. Pobwerera ndakhoma chithunzi pa siteji ya basi pamene mwanayo anagwera. Pamwamba pake pali kamera, yaloza pomwepo. Dalaivala wa basi akuti inafa kalekale.