Khomo Loyang'ana Kumsewu

Lolemba
Talowa m'nyumba yatsopano, ine ndi mkazi wanga Nangozo. Pa Boma pano woona mapulani a nyumba ndine. Wofuna kumanga amayamba wandionetsa pepala, ine n'kukakhoma zikhomo. Lamulo la Bwana: ngodya zinayi, zenera, khomo loyang'ana kumsewu. Yangayi yakwana zonse! Loweruka Bwana adzaiona kuti ikhale chitsanzo. Mtima uli mbee.

Lachiwiri
Kalanga ine! Kutsegula chitseko m'mawa, maso ndi maso ndi apongozi aakazi. Nyumba yawo ili tsidya la msewu, ndipo khomo lawo ndinalitembenuza ndine chaka chatha. Mkamwini saonana ndi apongozi, ngakhale mwana amadziwa. Iwo thawu, ine chitseko pha! Kuntchito ndafika dzuwa lili pamutu.

Lachitatu
Apongozi akusinja pakhomo pawo, nkhope atazolika. Ndikudikira. Chimanga sichikutha. Ndatulukira pazenera. Zotayika: batani la jekete, khungu la pabondo, ulemu.

Lachinayi
Amalume ake a Nangozo akuti: "Tinakuuzani, akamwini, khomo liloze kudimba. Inu munati pepala lakana." Ndinaterodi, pakamwa pangapa. Masana ndakana pulani ya bambo wina wa ku Lobi poti khomo laloza kuphiri. Manyazi andigwira ndikubweza pepalalo.

Lachisanu
Popita kumadzi apongozi akuzungulira kuthengo, kuthawa khomo langa. Lero aterereka, mtsuko phwa, bondo latupa. Nangozo: "Amayi afere khomo lanu?" Wapinda mphasa, wawoloka msewu. Nyumba yazizira, zenera likungolowetsa mphepo ya Dedza. Ndatenga khasu, ndaboola khomo kuseri. Lakumsewu ndamata ndi dothi.

Loweruka
Bwana afika ndi alendo. Aima pamsewu, khomo osaliona. Azungulira, andipeza kuseri, matope m'manja. "Anavomereza ichi ndani?" Ndine, Bwana. Chingwe choyezera ndi zikhomo apatsa Yohane, mnzanga wa mu ofesi. Ntchito yatha basi.

Lamulungu
Nangozo wabwerera, walowera kuseri. Apongozi akuothera dzuwa pakhomo pawo mwamtendere, atumizanso mbatata. Amalume ndawamvera mochedwa: mkazi ndili naye, ntchito ndilibe. Potuluka m'tchalitchi Yohane wandinong'oneza kuti mawa abwera kudzaona khomo langa. Sadzanyengerera ameneyo. Lamulolo ndinamuphunzitsa ndine.