Laputopu Imene Inaukitsa Amalume Anga

Mpaka lero ndikamadutsa pa tchalitchi chathu, amayi a kwaya amandifunsa ngati amalume anga akupezako bwino kumandako. Ndimangoseka nawo. Nanga nditani, poti ndinaziputa dala?

Ndine mphunzitsi, kwathu ndi ku Dedza, kumapiri, kumene madzi ambiri omwe tinkawadziwa ndi a m'diramu. Boma litanditumiza ku Chintheche ndinakumana ndi Wezi, mwana wa ada Mhone (kuno bambo amati ada), msodzi wodziwika yemwenso amaimba besi mu kwaya. Tsiku loyamba kukaonekera kwawo, mkuluyu anandifunsa ngati nyanja ndaizolowera. Munthu wanzeru akanati ayi. Koma ine, Wezi ali pakhonde akumvetsera, ndinati ndinakulira mumtsinje wa Linthipe, ndipo ndinkauwoloka utasefukira, zovala zili pamutu. (Zoona zake n'zakuti ndinauwolokapo kamodzi, mu Okutobala, madzi akulekeza m'mawondo, nditagwira chitenje cha amayi.)

Ada Mhone anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anangoti Loweruka tidzapitire limodzi pabwato kukaonjola matchera, maukonde otchera usiku aja.

Loweruka loyamba ndinadwala malungo. Loweruka lachiwiri ndinali ndi mulu wa mapepala a mayeso oti ndichonge. Loweruka lachitatu, nzeru zitandithera, ndinapha amalume anga. Ndinakwera minibasi mpaka ku Dwangwa, n'kubindikira mu resitihausi masiku awiri, n'kubwerako nkhope ili yakugwa. Banja lonse la a Mhone linabwera kudzandipepesa, litanyamula ufa wa kondowole ndi nsomba zouma. Ndinalandira, ndipo manyazi ake ndikuwamvabe. Vuto linali lakuti amalume ndili nawo amodzi okha, ndipo ndi omwewo amene ankayenera kubwera ngati nkhoswe kudzandifunsira mbeta. Popanda iwo, za Wezi ndiiwale.

M'masiku omwewo kwaya inaganiza zojambula nyimbo zake kuti anthu azimvera m'mafoni. Ine ndinali ndi laputopu ya pa kaunjika ndi pulogalamu yojambulira mawu yomwe ndinali nditaiseweretsa masiku atatu, choncho ndinadzipereka ngati katswiri. Ndinkafuna kugula mtima wa apongozi pamtunda, poti pamadzi zinali zitakanika.

Tsiku lina Lachinayi masana tinasonkhana m'kaholo ka kuseri kwa tchalitchi. Tinajambula nyimbo zitatu, kenako anthu anayamba kukangana za amene anathamangitsa nyimbo yachitatu, uku akudikira tiyi ndi chinangwa zomwe zimakonzedwa pansi pa mtengo wa mango. Ine sindinadine poimitsira. Laputopu yangayo ndinkaidziwa: ukaisiya mphindi zisanu osaikhudza imagona yokha, zonse n'kuima. Galasi litada, mayi wina wamkulu, NyaBanda, anaisuzumira mokayika n'kufunsa ngati chinthucho chikumvabe.

"Yagona imeneyi, mayi," ndinatero, manja ali m'thumba. "Ikadetsa nkhope chonchi ndiye kuti makutu atsekanso. Ngakhale mutaitukwana, siingamve."

Kafani kake kankalirabe m'kati, ndipo nditaikhudza inali yofunda. Ndinati ndi kutentha kwa kunyanja kuno.

Anthu atatuluka ndinatsala ndi Kachingwe, mnzanga wa ku Zomba yemwe amagwira ntchito kuchipatala ndipo amaimba tenala. Ndinali nditasenza bodza lija milungu itatu ndekha, ndiye atangondifunsa chimene chinkandiwondetsa, ndinakhuthula zonse. Tinayankhula momasuka, titatsamira tebulo lomwelo pamene panali maikolofoni.

Tiyi atatha, anthu anafuna kudzimva. Ndinalumikiza laputopu ku sipika yaikulu ya tchalitchi, n'kuyambitsa, n'kupita kukaima kumbuyo kwenikweni kwa holo (akatswiri amatero, amati akumva mmene mawu akuyendera). Nyimbo zinatuluka bwino ndithu. Besi ya ada Mhone inkagwedeza malata, ndipo ndinawaona akugwedeza mutu. Ndinati basi, mkazi ndakwatira.

Nyimbo yachitatu itatha panamveka kukhulukuta kwa mabenchi, kenako mkangano uja wa amene anathamanga. Anthu anaseka. Kenako panamveka mawu a munthu wodzikuza akuti, "Yagona imeneyi, mayi." Holo yonse inafa nacho chiseko, NyaBanda mpaka kupukuta misozi ndi mpango. Inenso ndinaseka nawo, kwa kanthawi kochepa chabe, kufikira pamene mutu wanga unawerengera chimene chinkabwera kutsogolo. Kachingwe anali atatulukira kale pawindo.

Ndinayamba kupanikizika pakati pa mabenchi, kuponda zala za amayi, kupepesa uku ndi uku. Ndisanafike ndi pakati pomwe, sipika inali itanena kale za madzi a m'mawondo ndi chitenje cha amayi. Ada Mhone, omwe anakhala pafupi ndi tebulo, anakweza dzanja.

"Ilekeni, asambizi," anatero (kuno aphunzitsi amati asambizi). "Musaizimitse. Nyimbo yachinayi sinamale."

Ndinaima pomwepo ngati chitsa. Ndinadzimva ndekha ndikunena kuti malungo aja anali abodza, kuti Lachisanu lililonse ndimapemphera kuti kuwombe mphepo ya mwera n'cholinga choti bwato lisapite. Ndinamva Kachingwe akufunsa za maliro aja, ine n'kuyankha kuti amalume ali moyo, akukumba mbatata ku Dedza, ndipo dzulo lomweli anandiimbira kufunsa tsiku lobwera.

"Nanga Loweruka likubwerali upha ndani?" anatero Kachingwe wa musipika.

"Sindikudziwa, achimwene. Wezi ndimamukonda kuposa moyo wanga, koma nyanja ija ndimaiopa kuposa Wezi."

Apa palibe anaseka. Wezi, yemwe amaimba soprano, anali ataphimba nkhope ndi buku la nyimbo, mapewa akugwedezeka, ndipo sindinadziwe ngati akulira kapena ayi. Ine ndinkangolakalaka simenti itang'ambika.

Ada Mhone anadzuka n'kundikodola kuti tituluke. Tinakaima pansi pa mango paja, pomwe panali makoko a chinangwa. Anandiuza kuti za Linthipe sanazikhulupirire ndi tsiku limodzi lomwe, chifukwa anandionapo ndikusamba kunyanja ndi kabeseni, nditaima pamchenga. Chimene chinkawavuta si mantha anga, koma pakamwa panga. Anali ndi mng'ono wawo, anatero, yemwe ankayankhula ngati ine, wosafuna kuvomera kuti pali mafunde omuposa. Tsiku lina anapita mwera ukuyamba, ndipo linabwera ndi bwato lokha. Anasiya mkazi ndi ana atatu, amene ada Mhone analera.

"Munthu wakopa nyanja ndiyo wakota," anatero, kenako n'kubwereza m'Chichewa kuti ndimve bwino. "Woopa nyanja ndi amene amakalamba. Ine sindifuna mkamwini wodziwa kusambira. Ndifuna woti mwana wanga akamufunsa kanthu, amuuze zoona."

Misozi inalengeza, ndipo sindikuchita manyazi kunena.

Pambuyo pake ndi pamene wokonza makompyuta wina ku Nkhata Bay anandifotokozera. Pulogalamu yojambulira ikatsegulidwa imagwira njira ya mawu, imene iwo amati draiva, osaitaya, ndipo imauza kompyuta kuti isayerekeze kugona. Galasi lokha ndi lomwe limazima. Anati ngakhale usakujambula, ukangoisiya yotsegula, makinawo amakhala maso mpaka batire kutha. NyaBanda, amene sanagwirepo laputopu chibadwire, ndiye ankalondola.

Panopa ndikamaliza ntchito ndimatseka pulogalamu, kuzimitsa laputopu, n'kuitsekera m'kabati, kenako ndi pamene ndimayamba miseche. Kusambira sindinaphunzirebe. Ntchito yanga Loweruka ndi kudikira pamchenga ndi beseni, bwato la apongozi likafika.

Koma mawu amene sindidzawaiwala ndi omwe ada Mhone anamaliza nawo tsiku lija, akubwerera m'holo kukayeserera nyimbo yachinayi. Anatembenuka pakhomo, nkhope ili duu, n'kunena kuti, "Amalume anu aja akauka, muwauze abwere Loweruka. Ufa wa pamaliro uja musabweze, adzadya omwewo."