Kompyuta ya Amalume ndi Ziro Wotayika

Lolemba
Ndalipeza vuto! Kompyuta ya pashopu ya amalume m'dera lathu lino la Unit C, yomwe timalemberapo anthu makalata, siimva bwino. Ukalemba "shutdown +10" kuti izime pakatha mphindi khumi, imawerenga 1 yekha, ziro n'kumutaya. Ndatsegula kodi yake, malamulo olembedwa amene imatsatira pozima. Mizere itatu basi! Amalume akuti, "Ukaikonza, shopu yatsopano ya kudera la Nyatsime ukayendetsa ndiwe." Ndikuvina ndili pampando.

Lachiwiri
Ziro wabwerera! Ine ndi katswiri. Kungoti "-r", yoiuza kuti izime n'kuyakanso, ikuyesa kuti ndi nambala ya mphindi. Kanthu kakang'ono. Zofunika mawa: tiyi, cholembera, kuuza aliyense m'kombi, minibasi ya kuno.

Lachitatu
"-r" yachira! Koma pano chilichonse chimene ndalemba, ikungomva kuti zima. Ndalemba "--help" kupempha thandizo. Yazima. Ndaseka mpaka misozi.

Lachinayi
Poyeserera ndaiuza kuti izime pakatha mphindi makumi atatu, kenako ndaiwala. Abwera Mai Tendai, kasitomala wathu, akulemba okha pakompyutapo kalata yofunsira ntchito kuchipatala. Afika tsamba lachiwiri, ine ndakumbukira. Ndathamanga, ndalemba "-c" yoletsa kuzimako. Yazima pomwepo! Sanasunge kalikonse. Andiyang'ana: "Nhai mwanangu, tsamba yangu iripi?" Akufunsa kalata yawo m'Chishona. Ndailembanso ndekha iwo akundiuza mawu, atandiimirira kumsana.

Lachisanu
Nkhani yabwino: siikuzimanso mwangozi! Nkhani ina: siikuzima n'komwe. Ndayesa +10, +1, now, kuipempha m'Chichewa, kuikalipira m'Chishona. Amalume akuti, "Mphwanga, kale inkangozima msanga. Pano wayichita chiyani?" Za ku Nyatsime akuti tikambirana chaka chamawa.

Loweruka
Ndalembera anthu a pa intaneti amene amasamalira pulogalamu yozimitsira kompyutayi. Ayankha! Anthu akunja, kundiyankha ine! Akuti vuto la ziro analikonza kalekale, ndingoika pulogalamu yatsopano. Yatsopanoyo ikukana kulowa, kompyuta yathu ndi nkhalamba. Chabwino, ndibwezeretse kodi yakale. Kodi ndinaisunga pati? Sindinaisunge.

Lamulungu
Pochokera kutchalitchi ndadutsira kushopu. Kompyuta ikadali chiyakire kuyambira Lachisanu, fani ikulira, pamwamba pake potentha moti n'kuumitsirapo masokosi. Ndakhala pansi, ndatambasula zala, ndikuganiza poyambira. Magetsi athima Unit C yonse. Yazima bwinobwino, osafunsa mphindi. Ndatseka shopu. Mawa amalume akuti ndizigwira fotokope.