Bolodi la a Chikaiko

Aliyense amene anametedwapo kwa a Chikaiko akudziwa kuti m'menemo munthu sunkalowa ndi tsitsi lokha, unkayenera kutenganso yankho. Mkuluyu anali ndi bolodi lakuda pakhoma, pafupi ndi kalilole, ndipo analembapo ndi choko amuna khumi oimba bwino kuposa onse chilengedwere dziko. Bolodilo ankalilondera ngati nkhuku ya anapiye, poti ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti anthu onse, kuyambira wogulitsa makala mpaka a pawailesi, anapangana zowasokonezera mndandanda wawowo.

Dzina loti Chikaiko anawapatsa ndi a Telala, omwe anasoka m'chipinda choyandikana nawo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Pakati pawo panali kakhoma ka matabwa kopyapyala, koti wina akayetsemula, mnzake ndiye ankapukuta mphuno. Choncho a Telala anamva zonse, ngakhale zimene sanafune kumva.

Pabolodipo panalibe mayina enieni a oimbawo. "Ndilembe dzina lenileni kuti abale ake adzandipeze?" ankatero a Chikaiko. Aliyense anamupatsa dzina lopeka lakelake. Pamwamba penipeni panali Mdyauchi, yemwe ankati mawu ake akhoza kugonetsa galu wachiwewe. Wachiwiri anali Chiphaliwali. Kumunsi kwenikweni kunali Kamphuno, amene ankati amangomusunga chifukwa cha chisoni.

Tsiku lina kunabwera mphunzitsi wachilendo kudzameta ndevu. Atamupaka thovu, lumo lili pakhosi, funso linagwa.

"Kodi aphunzitsi, mwa amuna onse oimba, woyamba ndani?"

Mphunzitsiyo anali wochenjera. Anaponya diso pabolodi. "Ndi Mdyauchi, bambo."

Lumo linaima. "Mumamudziwa?"

"Ndangowerenga apo."

"Ndiye mwavomera msanga bwanji? Wakutumani ndani?"

"Palibe, bambo. Chabwino, mwina ndi Chiphaliwali."

"Ehee! Mwaulula nokha! Ndinakuonani mukulowa, nsapato zanuzo ndi za anthu a Chiphaliwali!"

Mphunzitsi uja anatuluka ndevu zili tsaya limodzi, thovu lili m'khutu. Kuyambira tsiku limenelo a Telala anayamba kuchenjeza anthu pakhonde. "Akakufunsani, musavomere, musakane. Ingotsokomolani." Nzeruyi inathandiza mwezi wathunthu, mpaka a Chikaiko anatulukira pakhomo, manja m'chiuno, n'kunena kuti, "A Telala, chifuwa chimenechi n'chachilendo. Chimagwira munthu akangomva funso langa basi. Ndipo onse odwalawo amakhala atadutsira kwa inu."

A pawailesi nawo anawaputa. Loweruka lina anaulutsa mndandanda wawo wa amuna oimba, ati anasankha ndi omvera, ndipo Kamphuno anamuika woyamba. A Chikaiko anazimitsa wailesi, n'kuitembenuza kuti iyang'ane kukhoma ngati mwana wolakwa. "Omvera ake ati? Ine anandifunsa? Inu anakufunsani? Awa anadyetsedwa chibanzi." Analemba kalata ya masamba asanu ndi limodzi yodzudzula, koma sanaitumize. Ati nkhope ya munthu wa kupositi sinawasangalatse.

Koma mlandu waukulu unagwa masana ena nyengo yozizira. A Telala akulowetsa ulusi m'singano, anangomva mfuu ngati munthu waponda njoka. Atathamangira, anapeza anzawo ataima njo patsogolo pa bolodi. Pa nambala seveni, pomwe panali Mtswamitima, panangotsala "Mts" uku ndi "ma" uko. Pakati ponse panali patafufutika.

"Ndimadziwa kuti tsiku lake lidzafika," anatero a Chikaiko motsitsa mawu. "Koma sindinkaganiza kuti adzakhala inu."

"Ine? Achimwene, mwayamba misala?"

"Mumsewu uno amagwira choko ndani kupatula ine? Si inu, polemba nsalu? Amadziwa nthawi imene ndimawodzera ndani? Ndipo chaka chija kunagwa matalala, sindinakumveni mukuimba mluzu nyimbo ya Kamphuno?"

"Ndiye poti ndili ndi choko, ndikanalemba. Apa munthu wafufuta."

"Mwaona? Mukudziwa ngakhale mmene anachitira!"

A Telala anaseka poyamba, koma kuseka kunawathera. Sabata inatha osalankhulana, kenako yachiwiri. Tiyi wa masana, amene ankamwera limodzi pabenchi la pakhonde, aliyense anayamba kumwera kwake. A Chikaiko anamata ndi nyuzipepala timing'alu tonse ta khoma lija. Zimenezi zinawapweteka a Telala kuposa mawu aja. Munthu amene anamusokera suti ya ukwati, amene ananyamula naye maliro a mayi ake, lero n'kumamuona ngati mbala! Tsitsi lawo linakula n'kuyamba kuphimba makutu, koma analumbira kuti bola lifike m'mapewa kusiyana n'kukapepesa mlandu woti sanapalamule.

Sabata yachitatu, akazi a a Chikaiko analowa mozemba kwa a Telala atafumbata jekete la amuna awo. "Alamu, thumba ili lang'ambika. Lakhala pamsomali kometerako chiyambire mkangano wanuwu. Koma anzanuwo asadziwe kuti ndabwera kuno, angati nanenso mwandigula."

A Telala analitambasula pathebulo, ndipo analiyang'ana nthawi yaitali. Kumsana kwake, pakati pa mapewa, panali zilembo zoyera za choko, zotembenuka. Apo m'pamene anakumbukira kuti anzawo akakhuta masana ankakhala pakampando pansi pa bolodi, n'kutsamira, n'kuyamba mkonono.

Sanasoke n'komwe thumba lija. Analowa kometera, muli anthu asanu pamzere, n'kuimika jekete patsogolo pa kalilole. M'galasimo zilembo zinawongoka, aliyense n'kuwerenga: "wamiti".

"Mbala yanu ija ndi iyi, achimwene. Ndaigwira."

Anthu anafa nacho chiseko. Wina anagwa pabenchi. A Chikaiko anayang'ana jekete, anayang'ana bolodi, anayang'ananso jekete. Kenako anafinya maso.

"Jekete limeneli anasoka ndani?"

"Ndine."

"Mhm. Ndimadziwa ine."

Komabe masana omwewo anatulukira pakhonde ndi makapu awiri a tiyi. Anakhala pabenchi, n'kunena akuyang'ana kumsewu, "Tsitsi lanulo likuchititsa manyazi msewu wonse. Mukamaliza kumwa mukakhale pampando." Kupepesa kwa a Chikaiko kunathera pomwepo, ndipo a Telala anakulandira ndi manja awiri.

Ndiye taganizani mmene zinalili mwana wamkazi wa a Chikaiko atabweretsa mwamuna woti amange naye banja, mwamunayo n'kukhala woimba pa maukwati. A Chikaiko anamuzungulira katatu ngati akugula mbuzi.

"Tiuzane zoona, bambo. Mukufuna mwana wanga, kapena mukufuna nambala?"

"Mwana wanu, bambo."

"Onse amayamba choncho. Imbani timve."

Munthu uja anaima pakati pa tsitsi losasesa, n'kuimba nyimbo ya mwamuna wotsanzikana ndi mkazi wake pokwera basi. Makina a a Telala anasiya kulira. Wogulitsa makala anaima pakhomo thumba lili pamutu. Nyimbo itatha, a Chikaiko anali akupukuta m'maso ndi thaulo la makasitomala.

"Katsitsi kandigwera m'diso," anatero mwaukali. "Mwana tengani. Koma bolodi musaliyandikire."

Matenda anawagwira a Chikaiko chaka chatha. Adokotala atawauza kuti mtima wawo watopa, iwo anafunsa kaye kuti adokotalawo amamvera woimba uti, ndipo anakana mapiritsi mpaka atayankhidwa. A Telala ankatseka msanga tsiku lililonse n'kupita kukawazonda. Tsiku lina anawapeza atafooka kwambiri, mawu akutuluka pang'onopang'ono. A Chikaiko anawakodola kuti asendere pafupi.

"A Telala, pali chinthu chandidya zaka zonsezi. Sindinauzepo munthu, ngakhale alamu anu." Anayang'ana uku ndi uku, ngati kuti odwala enawo akutchera khutu. "Chiphaliwali uja, mwina amamuposa Mdyauchi. Pang'ono pokha."

"Ndiye ndikasinthe pabolodipo?"

Maso aja anatseguka onse. "Mwafulumira bwanji? Mumadikira zimenezi eti?"

Anaseka awiriwo mpaka namwino anabwera kudzawakalipira. A Telala atadzuka kuti azipita, a Chikaiko anawagwira dzanja osafuna kulisiya. "Mwa anthu onse amene ndinawakayikira," anatero, "inu ndi amene ndinakukayikirani mosangalala." Lachinayi lake m'mawa anatsikira kulichete.

Bolodi analitenga akazi awo, lili kunyumba mmene analisiyira. M'chipinda muja munalowa wometa wina, bambo waulemu, wa manja opepuka, wosavuta munthu. Anthu amalowa, amametedwa, amatuluka, ndipo palibe amene amadziwa zomwe mnzake amakonda. Wailesi imangolira yokha tsiku lonse popanda woitsutsa. Aphunzitsi aja, omwe pambuyo pake anasanduka kasitomala wa mwezi ndi mwezi, akuti masiku ano amagona ali pampando.

A Telala anapirira miyezi itatu asanalowemo. Tsiku limene analowa, anakhala pansi, anawakulunga nsalu m'khosi, ndipo chete anawakulira. Anakonza kukhosi n'kulankhula mokweza, kuti onse a pamzere amve.

"Ine ndimaona kuti oimba onsewa ndi ofanana. Palibe woposa mnzake."

Anadikira.

"Zoona, bambo," anatero wometa uja mwaulemu. "Tadzutsani chibwano pang'ono."

Anawameta bwino kwambiri, kuposa mmene anametedwerapo moyo wawo wonse. Potuluka anakumana ndi akazi a a Chikaiko akuchokera kumsika, ndipo mayiwo anadabwa kuona maso awo ali ofiira.

"Kwagwanji, alamu? Akuchekani?"

"Ayi, alamu," anatero a Telala. "Andivomereza."