Agogo Ake a Goloboyi

Lolemba

Mvumbi. Phiri la Malosa silikuoneka n'komwe. Denga la kukhitchini layambanso kudontha.

Zione, mwana wanga, wayimba kuchokera ku Canada. Moni, moni, feteleza munathira, mankhwala mukumwa. Ndafunsa za Emma, mdzukulu wanga mmodzi yekhayo. Akuti ali bwino, ali kuchipinda. Kuchipinda! Chiyambire Khrisimasi mwana ameneyu foni ikangolira amakhala kuchipinda.

Ndilembe pano poti palibe adzawerenge. Olakwa ndine. Pa Khrisimasi atamupatsa foni ndinamulonjera mmene gogo aliyense wa kuno amalonjerera mdzukulu wamkazi: mkazi wanga uli bwanji, udzandiphikira liti, wandisiya ndekha chifukwa chiyani. Ndipo ndinazinena m'Chingelezi kuti amve bwino. Anamvadi bwino! Mwana wa zaka khumi ndi chimodzi kuponya foni pampando, liwiro. Ndinatsala ndikucheza ndi siling'i ya ku Canada. Zione anayesa kufotokoza kuti ndi macheza a kwathu, koma akuti bambo ake a mwanayo, mzungu uja, anafiira mpaka m'makutu.

Amake Zione mpaka lero: "Anakutumani ndani kuti muzimasulira chilichonse?"

Koma lero ndapeza polowera. Zione akuti sabata ino m'nyumba mwawo mulibe nkhani ina koma hoke wa pa ayisi. Mayiko akuluakulu atulutsa akatswiri awo onse, zomwe akuti papita zaka zisanachitike. Emma nayenso amasewera, ndi goloboyi wa timu ya atsikana. Fainolo ili Lachinayi, 8 koloko madzulo nthawi ya kwawo. Lamulungu ayimbanso, ndipo walonjeza kumukokera mwanayo pafoni.

Pulani:
1. Kudziwa malamulo.
2. Kuonera fainolo ndi maso angawa.
3. Lamulungu kucheza ndi mdzukulu wanga ngati anthu.
4. Osatchula mawu oti mkazi, zivute zitani.

Zaka 34 ndikuphunzitsa Sitandade 7. Hoke angandikanike ine?

Lachiwiri

Pachulu kuseri kwa khola, poti ndi pokhapo netiweki imagwira. Ambulera dzanja ili, foni dzanja ili. Zione watumiza kavidiyo ka masewero adzana. Kutsegula kokha theka la ola.

Zomwe ndaona:
- Bwalo loyera mbee, lotchinga ndi magalasi.
- Azibambo onenepa ndi zovala, zipewa zachitsulo, nsapato zokhala ndi mipeni kunsi.
- Sathamanga, amangotsetsereka. Cham'mbuyonso amapita!
- Aliyense ali ndi ndodo yopindika.
- Mpira sindinauone.

Ndabwereza kanayi. Mpira kulibe. Anthu akukuwa kuti chalowa, ine sindinaone cholowacho. Ndafunsa Zione. Akuti si wozungulira ngati mpira, n'kanthu kakuda kophwatalala ngati chitini cha polishi wa nsapato. Ndiye mayiko athunthu kulimbirana chitini!

Kenako ndeu. Awiri avula magolovesi, ayamba kuswana zibakera, oyimbira aima potero kumangoyang'ana ngati odutsa. Atatopa, awakhazika m'kachipinda ka galasi kwa timphindi, basi mlandu watha, abwerera kukasewera. Ife akulu a mpingo mlandu wotere timaukamba miyezi itatu, mboni kumbali zonse. Mdzukulu wanga akukulira m'zimenezi?

Chabwino chimodzi: ambiri alibe mano akutsogolo. Ngati ine. Mwina tikhoza kuyambira pamenepo.

Zione wawonjezera chithunzi chomwe sindinapemphe. Emma pa ayisi, atagwirana dzanja ndi agogo ake akuchimuna, amene akuti anamuphunzitsa kutsetsereka ali ndi zaka zitatu. Mdala wake wamtali, tsitsi lonse lilipo, akuseka. Ndachiyang'ana mpaka mvula yandilowa m'khosi. Zandiwawa, ndisaname.

Lachitatu

M'mawa pa kabaza mpaka pa Naisi, kwa Che Jafali, mwini holo ya vidiyo. Ali ndi dishi yaikulu. Asakasaka, akuti tchanelo chake chilipo.

"Koma aphunzitsi, mpira wa ndodowu aonere ndani? Anthu anga ndikawaikira zimenezi andiphwanyira mabenchi."

Ndawauza asadandaule, nthawi yake holo imakhala yopanda anthu. Ndawerengera pamaso pawo pa chikatoni: ife ndi kwawoko timasiyana maola seveni. 8 kuchotsa 7, yankho 1. Mawa 1 koloko masana. Che Jafali agwedeza mutu, akuti sukulu ndi yabwino.

Masana. Mfundo yanga ya uphunzitsi sinasinthe: chinthu umachidziwa ukachigwira. Amake Zione anapaka polishi wofiira pabalaza dzulo, simenti ikuchita kuwala. Iwo apita kukathyola nkhwani. Mwayi!

Zida:
- masokosi a ku tchalitchi
- ndodo yanga yoyendera, mutu pansi
- chitini cha polishi wa nsapato
- golo: miyendo ya kabati

Kutsetsereka koyamba, bwinobwino. Kachiwiri, ndamva kamphepo m'makutu, ndayamba kuwamvetsa anthu aja. Kachitatu ndamenya chitini. Chitini chapita kumene chikudziwa. Miyendo yapita kutsogolo, ine ndatsala m'mbuyo. Phii! Ndodo m'galasi la kabati.

Zowonongeka: galasi, makapu awiri a alendo, nyonga ya kumanzere.

Amake Zione andipeza chagada, masokosi m'mwamba. Sanakuwe. Aika nkhwani patebulo, andiyang'ana nthawi yaitali.

"Abambo, anzanu akakalamba amaweta nkhunda."

Andithowa ndi madzi otentha mosanyengerera.

Lachinayi

Fainolo!

Nyonga yatupa. Kuvala thalauza ndi nkhondo. Amake Zione akufunsa ngati nthawiyo ndatsimikiza ndi Zione. Ndawayankha kuti mphunzitsi wa masamu safunsa mwana wake nthawi.

Ndatenga a Namakhwa, mkulu wa mpingo mnzanga, kuti akhale mboni komanso andigwirize pokwera kabaza. Panjira ndawafotokozera malamulo onse. Akuti amva, koma chomwe akufuna kuona ndi ndeuyo.

12:30 tafika. Holo ikununkha chinyontho. Benchi yakutsogolo, anthu atatu: ine, a Namakhwa, Che Jafali. Ndabweretsa kope ndi bolopeni ziwiri.

1 koloko. Pa tchanelo paja azungu awiri ali m'boti, akuwedza nsomba.

1:30. Agwira imodzi. Ayipsompsona, ayibwezera m'madzi. A Namakhwa atukwana koyamba chibatizidwire.

2 koloko. Nsomba.

3 koloko. Gofu. Che Jafali akuti mwina atimu achedwa panjira, ndi mvulayi.

A Namakhwa: "Kapena ayisiyo wasungunuka, akudikira agwirenso."

4 koloko magetsi athima. Takhalabe mumdimamo pang'ono, mwa ulemu. Kenako anyamata a mpira wa miyendo ayamba kusuzumira pakhomo, wina akufunsa ngati kuli maliro.

Kabaza palibe, onse abisala mvula. Wapansi mpaka kunyumba, kutsimphina, a Namakhwa akundikoka ngati mbuzi yokana msika. Foni yatha moto. Sindinadye. Ndagona nkhuku zisanalowe.

Lachisanu

Foni ndatchajitsa pa sola ya aneba. Kungoyatsa pachulu, mauthenga mbwee.

Apambana. Canada yatenga chikho. Masewero anachitika. Anachitika ine ndili mkonono!

Ndakhala pachulu ndi chikatoni china. Dzuwa limayamba kutuluka kuno, kwawoko limafika mochedwa. Ndiye ikakhala 8 koloko madzulo kwawo, kuno yapitirira kale. Kuphatikiza, osati kuchotsa. 8 kuphatikiza 7. 3 koloko m'bandakucha wa lero.

Kuphatikiza!

Phunziro limeneli ndinkaliphunzitsa ndekha, ndi lalanje ndi tochi, chaka ndi chaka. Ana olakwitsa ndinkawagwiritsa tsache. Alipo wina pano ndi dalaivala wa minibasi, anasesa bwalo lonse la sukulu chifukwa cha samu yomweyi. Ndikakumana naye ndidzayang'ana kumbali.

Amake Zione angondipatsa tiyi mu kapu ya pulasitiki, poti a alendo aja kulibe. Kukhala chete kwawo kumaposa ulaliki.

Pali kavidiyo kena. Pabalaza pawo, onse m'malaya ofiira. Chigoli chalowa, nyumba yonse m'mwamba. Emma walumphira pamsana pa mdala uja, akumumenya m'mutu ndi timanja, akukuwa dzina lomwe amamuitanira. Sindinamvepo mawu ake akukwera chonchi. Kwa ine amangonong'ona.

Ndaonera kasanu ndi kawiri. Mpira sindinauonebe.

Loweruka

Mfundo 1 ndi 2 zafa. Yatsala 3, ndipo 4 ikadali moyo.

Palibe chomwe ndaona, ndiye ndilemba zoti ndikanene. Pakamwa pangapa sindikupakhulupiriranso, ndi pomwe panandigwetsa pa Khrisimasi. Chingelezi chenicheni, cha galamala, chopanda pogwira.

Pepala loyamba: munali nthabwala ya mano. Ndachotsa. Angaganize kuti ndikunyoza akatswiri awo.

Pepala lachiwiri: munali funso loti saopa kumenyedwa ndi chitini kumaso. Ndachotsa. Angaganize kuti ndikumuletsa.

Pepala lachitatu: munali mawu oti ndamusowa. Ndawayang'ana nthawi yaitali. Kwawoko mawu amenewa gogo amaloledwa kunena? Sindikudziwa. Ndachotsa.

Pepala lachinayi latsala loyera bwino. Likuyamba ndi kuthokoza chifukwa cha mwayi wolankhula. Likuyamikira dziko la Canada, m'malo mwa banja lonse ndi anthu a m'chigwa cha Domasi, pa chipambano chake. Likulimbikitsa achinyamata kulimbikira masewero osaiwala maphunziro. Likutha ndi mafuno abwino.

Ndawerengera amake Zione, ndikumasulira. Amvetsera akusenda mondokwa.

"Mukulankhula ndi mdzukulu kapena mukutsegulira mjigo? Ingomuuzani mwanayo kuti munagwa pabalaza."

Ndakana. Munthu amene waonongeka kale mbiri sawonjezerapo za masokosi. Iwo akuti chabwino, aphunzitsi ndinu.

Ndaloweza mpaka madzulo. Nyonga ikugunda ngati ili ndi mtima wakewake.

Lamulungu

Ku Mishoni m'mawa. Kuimirira pa nyimbo movutikira. A Namakhwa auza kale aliyense za nsomba ija. Abusa pondipatsa moni pakhomo afunsa ngati ayisi wagwira.

4 koloko masana, nthawi yomwe Zione watchula yekha, ya kuno, mochita kubwereza kawiri. Suti sindinavule. Tayi. Pachulu. Amake Zione agwira ambulera.

Foni yalira. Zione. Kumbuyo kwake khomo, ndipo pakhomopo Emma, m'malaya ofiira aja ofika m'mawondo. Watalika. Mphumi ndi ya malemu mayi anga, ndendende. Mayi ake amukankhira kutsogolo. Wabwera. Sanathawe!

Ndatulutsa pepala.

Ndawerenga lonse, osaphonya ngakhale mpumiro umodzi. Mawu omveka bwino, ngati pa asembule. Ndili pakati ndaona mwanayo akuwongoka, manja akuwaika kumbuyo. Ndapitiriza. Kuyamikira dziko, kulimbikitsa achinyamata, mafuno abwino. Ndamaliza.



Wayang'ana mayi ake. Wayang'ananso ine. Kenako mwaulemu wonse, m'Chingelezi chake chofewa chija, wati zikomo kwambiri, sala.

Sala.

Wafunsa mayi ake ngati angapite tsopano. Amulola. Watseka chitseko pang'onopang'ono, mwa mwana woleredwa bwino.

Zione akuti, "Mwaona bambo, lero sanathawe." Ndavomera kuti inde, zayenda. Tacheza za denga la kukhitchini mpaka netiweki yaduka.

Ana a eni ake anandiitana sala zaka 34, ndipo ndinkakondwa nazo. Uyu ndi mmodzi yekha padziko lonse amene akananditcha agogo.

Amake Zione apinda ambulera, atsika pachulu, anditambasulira dzanja kuti ndisaterereke. Ndatsika. Mvula yayambanso, ndipo mbuzi sizinalowe m'khola.