Tebulo Limene Linkakwera Lokha

Anthu akamayamikira ukwati wanga ndimangoseka chamumtima, chifukwa ukwati umenewu unatsala pang'ono kuthera m'ndowe za ng'ombe usanayambe n'komwe. Ndikati ndowe sindikuphiphiritsa ayi, ndikunena ndowe zenizeni, zamadzimadzi.

Zinachitika ku Chinsapo m'zaka za m'ma 2000, nthawi imene magetsi ankathima ngati akuchita kubwereka, makala nawo akukwera mtengo. Ine ndinali nditamaliza maphunziro a zowotcherera, ndipo ndinkagwira ntchito pa kashedi kena ku Mchesi. (M'kalasi mwathu mtsikana ndinalimo ndekha. Anyamata ankandiuza kuti ndikaphike, ndiye ndinaganiza zopanga chophikira chimene iwo sanachilotepo.)

Ndinatenga mgolo waukulu n'kuukwirira m'nthaka mpaka m'chiuno, kuseli kwa nyumba pafupi ndi mtengo wa mango. Mkati ndinkathiramo ndowe zosakaniza ndi madzi. Pamwamba ndinavundikira mgolo wina wocheperapo, woyandama. Ndowe zikamawola zimatulutsa gasi, gasiyo amadzaza mgolo wapamwambawo, ndipo umakwera pang'onopang'ono. Ukatsegula payipi n'kuphikira, umatsika. M'mbali munali kapayipi kena kotulutsira zotsalira. Chinthuchi ndinkachinyadira kwambiri, moti ndikadzuka ndinkayamba kuchizonda ndisanapereke moni kwa amayi.

Ndiye panabwera nkhani ya Limbani, chibwenzi changa. Limbani analeredwa ndi azakhali ake, a Nachisale a ku Njewa, mayi wathupi, wa mvano, amene mawu awo sankabwezedwa. Iwo ananena kuti nkhani ya chinkhoswe isanapite kwa amalume, akufuna adzandione ndi maso awo. Akakana iwo, basi kwatha. Za ntchito yanga Limbani anangowauza kuti ndimagwira ntchito m'tauni. (Mwamuna ameneyu ndi wabwino, koma pamaso pa azakhali ake amasanduka nkhuku yonyowa.)

Amayi anga atamva za ulendowo anandikhazika pansi.

"Iwe, zitsulo zakozi ubise. Ovololo ija isaoneke. Ndipo chimgolo chako cha uve chija uchotse."

"Amayi, chokwirira pansi ndichotsa bwanji?"

"Ndiye chivindikire! Ukufuna akanene kuti mwana wawo akukwatira mwamuna mnzake? Mkazi amaphika pa mbaula, anthu naona utsi."

Zinandiwawa, kunena zoona. Koma Limbani ndinkamufuna, ndiye ndinamvera. Amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma a amayi anga atagonera ananunkha.

M'mawa wa tsikulo ndinatseka payipi ya gasi n'kuikwirira ndi dothi. Kapayipi kotulutsira zotsalira ndinakatseka ndi chitsononkho kuti fungo lisamveke. Pamwamba pa mgolo ndinaikapo thabwa lalikulu, kenako nsalu yoyera yopeta maluwa, yofika pansi. Amayi anawonjezerapo botolo la maluwa apulasitiki. Linasanduka tebulo lokongola ndithu, ndipo tinagwirizana kuti alendo akhala m'nyumba, tebulolo azingolionera pa windo.

Tinaiwala kuti unali mwezi wa Okutobala ndipo nyumba yathu inali ya malata opanda siling'i. A Nachisale atangokhala pang'ono anayamba kudzikupiza ndi mpango.

"Muno ndiye tipsa amayi. Limbani, tulutsa mipando, tikakhale pamthunzi paja pali katebulo kabwino paja."

Ine ndi amayi tinayang'anana. Chakudza sichiimba ng'oma.

Poyamba zinayenda bwino. Ndinabweretsa madzi osamba m'manja, ndinagwada, ndinaika thileyi ya tiyi ndi masikono patebulopo. A Nachisale ananunkhiza m'mwamba kamodzi, amayi n'kufulumira kunena kuti aneba amaweta nkhumba. (Aneba athu anali Asilamu. Mulungu atikhululukire.) A Nachisale anandifunsa za mpingo, ndinayankha. Anandifunsa ngati ndimatha kuphika chigwada chotendera, ndinavomera ndi mutu woweramitsa ngati mwana wa mwambo.

Koma dzuwa linali kusuntha, ndipo mthunzi unachoka patebulopo. Ndowe zikatenthedwa zimagwira ntchito mwakhama kuposa munthu wa ganyu, komanso tsikulo palibe amene anali ataphikira gasiyo. Ndikubwera ndi mbale za nkhomaliro ndinaona kuti nsalu imene inkakhudza pansi ija tsopano yalekeza m'mwamba, kamzere ka dzimbiri kakusuzumira.

Ndinagwada pafupi n'kugwira m'mphepete mwa thabwa, kukanikiza mobisa kwinaku ndikumwetulira. A Nachisale anauza amayi kuti, "Mwanayu ngwaulemu, onani sakuchoka pamaso pa alendo." Ine thukuta lili kamukamu.

Kenako amayi anandituma madzi akumwa. Kukana sikukanatheka. Nditangosiya, tebulo linadzuka ngati likudziwongola, n'kupendekera mbali imodzi. Botolo la maluwa linayamba ulendo, linadutsa mbale ya nkhuku n'kukagwera pamiyendo pa Limbani.

A Nachisale anasiya mbamu ili m'manja.

"Limbani, tebuloli pofika paja linali m'mawondo mwanga. Pano lafika pachifuwa. Ndi maso angawa kapena?"

"Mwina mpando wanu ukulowa pansi, azakhali," anatero Limbani. Iye ankadziwa bwino chimene chinali pansi pa nsaluyo, popeza ndowe zina ankandithandiza kututa pa wilibala.

"Mpando? Ine ndaona zambiri, koma tebulo lokula ngati bowa ndiye ayi. M'dzina la Yesu!"

Ndiye mayi wa mvano uja anaganiza zolimbana nacho chiwandacho. Anaimirira, anaika manja onse awiri pathabwa, natsamira ndi thupi lonse uku akudzudzula Satana. Ndinakuwa kuti, "Amayi, musakanikize!" koma mawu anachedwa.

Mgolo unatsika mwamphamvu. Gasi analibe kothawira chifukwa payipi ndinatseka ndine, ndiye anakankha ndowe. Chitsononkho chija chinafwamphuka ngati chipolopolo n'kukamenya malata a bafa, ndipo pambuyo pake panatsatira zonse za mumgolo. Zina zinatulukira m'mbali, kukweza nsalu yopeta ija. Bulauzi yoyera ya a Nachisale inasintha mtundu kuyambira pakhosi mpaka m'chiuno. Limbani zinamupeza kukamwa kuli yasa. Ndi nkhuku yomwe sinapulumuke.

Ntchentche nazo zinamva uthenga msanga.

Amayi anatsegula pakamwa kuti anamizirenso aneba, koma ine ndinaona kuti zokwanira zakwana. Ukwati ndinauona kuti wapita kale, ndiye ndibisirenji? Ndinagwada m'matope momwemo, misozi ili mbwembwembwe, n'kunena zonse: kuti ndine wowotcherera, kuti si tebulo koma chophikira, ndipo ndinachipanga ndekha ndi manja angawa.

A Nachisale anangoti, "Madzi osamba."

Makala pa mbaula anali atazima. Ndinafukula payipi ija, ndinailumikiza ku kachitofu kanga m'khitchini, n'kuyatsa machesi kuti nditenthetse madziwo. Moto wabuluu unati phu, wopanda utsi. Nditacheuka ndinapeza a Nachisale aima pakhomo, ndowe zikudontha m'zigongono, maso ali pa motowo.

"Nkhuni zili kuti?"

"Palibe, amayi."

"Makala?"

"Palibenso. Ndi zomwe zili pa bulauzi yanuzo."

Anadziyang'ana pachifuwa, anayang'ananso moto, kenako anapita kukasamba. Ine ndinakhala pakhonde kudikira chigamulo. Limbani anali pampopi kutsuka m'kamwa, osayerekeza kundiyang'ana.

A Nachisale anatuluka atavala chitenje ndi bulauzi ya amayi yosakwana mabatani, nakhala pampando (kutali ndithu ndi mgolo).

"Mtsikana iwe, tabwera kuno. Ine khola la ng'ombe lili kuseli kwa nyumba, ndowe zimangouma. Koma nkhuni ndimakazifuna kutali, msana uwu unatha ndi mitolo, maso awa anatha ndi utsi. Ndiye iwe uli ndi nzeru zotere n'kumaziveka nsalu ya maluwa? Wakuuza ndani zopusazo?"

Amayi anga anayamba kuyang'anitsitsa zala zawo za kumapazi.

"Chandinyansa si ndowe ayi, ndowe ndakula nazo. Chandinyansa n'chakuti mwandiyesa munthu wosazindikira. Limbani, amalume ako apita kukaonana ndi akuchikazi, koma uyu ayambe wabwera ku Njewa ndi zitsulo zake. Moto uwu ukayaka kwanga, chinkhoswe chichitika."

Ndinapitadi, nditavala ovololo yomwe ija, ndipo moto unayaka. Amayi a mvano anzawo ankabwera kudzaona, a Nachisale n'kumaloza ine monyadira kuti, "Mpongozi wanga wa ndowe uja ndi ameneyu." Dzinalo linandikakamira mpaka lero, ndipo pa maliro ndi pa maukwati a kuchimuna ndimaitanidwa choncho pagulu.

Phunziro ndinalitola: chimene uli usachivindikire, chifukwa chimakwera chokha alendo ali pomwepo. Koma a Nachisale nawo anatola lawo. Papita zaka zambiri, ana athu akula, tebulo la pabalaza pathu ndi lamatabwa la miyendo inayi. Komabe a Nachisale akabwera kudzacheza, asanakhale pansi amayamba akweza nsalu n'kusuzumira kunsi.