Tepi Inathera Pampanda wa Bwalo la Ndege

Usiku watha ndinalota zimene zandisowetsa mtendere mpaka pano, anzanga, ndiye musandiseke. Ndinalota ndili kuntchito, mu labotale ya pakoleji paja, ndikuthira nayitrojeni, madzi ozizira ofuka nthunzi aja, pa kambale kakuda kadothi kamene timaonetsera ophunzira. Mukudziwa kale kuti kakazizira, maginito amayandama pamwamba pake osagwa. Ndiye mwadzidzidzi kambaleko kanatsokomola.

"A Matewere, zaka khumi ndi ziwiri mukundisambitsa, simunandifunsepo za kunyumba."

Ndinati pepani. Ndiye kanandimeza, ndinangopezeka ndili mkati mwake, mumsewu wafumbi ngati wa ku Bangwe. Anthu ake anali timaelekitironi, tinthu tonyamula magetsi tija, tonse tiwiritiwiri, mwamuna ndi mkazi, tikuthamanga osapunthwa. Ndinacheuka kuti ndigwire dzanja la Elufe, mkazi wanga, koma panalibe. Ngakhale kutuloko ndinakumbukira kuti ali ku Ayalandi kosamalira nkhalamba, chaka chachitatu tsopano.

"Woyenda yekha amatenthetsa waya," unatero mtengo wamagetsi, nkundikankhira mu ofesi yoyeza mabanja.

Bwana wake anali mu suti, tepi ya telala ili pakhosi. Akusanthula mapepala anga, maso ake anayamba kuyang'ana lililonse kwake, ndiye mwadzidzidzi pampando panali bilimankhwe wovala tayi. Diso lina linali pa ine, lina ku Ayalandi.

"Banja lililonse lili ndi mtunda wake," anatero mosafulumira, "utali umene awiri angatalikirane nkukhalabe awiri. A mu aluminiyamu amatalikirana kwambiri, chikhamu chikudutsa pakati pawo, osasiyana. Koma amafuna kuzizira koumitsa mpweya. A muno m'dothi amapirirako kutentha, koma mtunda wawo ndi waufupi. Kamng'alu pang'ono, ukwati watha."

"Nanga ife, bwana?"

"Tiyeza. Nkhoswe ilipo?"

Ndiye malume anga, a Kandulu, amene anatimangitsa ukwati, anatuluka mu kabati atavala jekete ija ya pachinkhoswe. Bilimankhwe anakhomera nsonga ya tepi pachifuwa panga, malume nkunyamuka ndi nsonga inayo. Ndinkawaona akudutsa pampopi, akudutsa msika wa ku Limbe, tepi ikutambasuka, mtima wanga ukuti mwina. Ndiye inati gwa! Inathera pampanda wa bwalo la ndege, pamene ndinaimirira tsiku lija ndikubayibitsa Elufe akunyamuka.

"Mphwanga, ndakoka, ikukana," anakuwa malume ali komweko. "Ine ndi nkhoswe ya pamtunda, za kutsidya kwa nyanja sindinapangane nazo."

Ndinagwada pamaso pa bilimankhwe, ine munthu wamkulu, ndikulira ngati wafedwa. Iye anangosintha mtundu, nkufanana ndi khoma.

Ndiye ndinaganiza monga wa mu labotale: chikavuta, ziziritsa. Ndinathamangira kunyumba ndi botolo langa, ndinathira nayitrojeni pabedi, pa zitenje za Elufe, pa chithunzi cha ukwati, kuti mwina nyumba ikazizira ngati ku Ayalandi mtunda wathu utalika. Pilo anandiuza kuti, "Bambo, uno ndi Okutobala, mukungotaya." Sindinamumvere.

Mwadzidzidzi bedi linanyamuka nkuyandama, ndipo pamwamba pake panakhala Elufe, atavala chijasi chimene sindikuchidziwa. Anali pafupi, anzanga, pafupi poti ndinkaona kachipsera ka pachibwano kaja.

"Bambo a Mwiza, mwaonda," anatero.

"Tsikani, mayi. Mwiza akufunsa tsiku ndi tsiku."

"Musandigwire. Manja anu ndi otentha, ine ndinazolowera kuno."

Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikuletsa ophunzira kukhudza kambale kaja, chifukwa kakafunda maginito amagwa. Ndinkadziwa bwinobwino. Koma mkazi wako ali apa, ungapinde manja? Ndinamugwira pamkono. Bedi linagwa pansi phii, lopanda munthu, nthunzi yokhayokha, ndipo m'dzanja mwanga munatsala nsonga ya tepi.

Chimene chinandidzutsa ndi firiji, inayamba kulira magetsi atayaka m'mawa. Ndinatenga foni. Uthenga umene ndinamutumizira Elufe Lamulungu ukuonetsa kuti anauwerenga, ndipo lero ndi Lachisanu.